Chingamu cha nikotini chandithandiza pa chibaba, koma za chifuwa ndinakayezetsa kaye

Ine ndi wa ku Likhubula, ntchito yanga ndi yonyamula katundu wa alendo okwera phiri la Mulanje, ndipo fodya ndasuta zaka zoposa 15. Anzanga angapo akhala akundifunsa za chingamu chimene amandiona ndikutafuna, kuti kodi chimathandizadi kapena ndi kungotaya ndalama. Ndiyankha, koma ndiyambe ndi za chifuwa chifukwa ndi zimene zinandiopsa kwambiri.

Chinandipangitsa kuganiza zosiya ndi njira ya ku Chambe, imodzi mwa nsonga za phirili. Kale ndinkakwera ndi chikwama kumsana osaimaima, koma chaka chino ndinayamba kumva befu pa chitunda choyamba penipeni, mtima uli gu gu gu, ndiye ndinati basi ndichepetse. Ndinkasuta ndudu 15 pa tsiku, ndinatsitsa kufika pa 5. Ndimaganiza kuti ndiyamba kupuma bwino, koma ayi ndithu. Wiki yachiwiri chifuwa chinachita kukula, m'mawa uliwonse kutsokomola mpaka misozi, makhololo akuderako kumatuluka, pakhosi kukanda, usiku tulo osabwera, mutu kuwawa, komanso ukali wosadziwika komwe ukuchokera moti ana ankaopa kundiyandikira, zimenezi zimandiwawabe mumtima mpaka lero. Inalinso nthawi ya chiperoni, ndiye ndinkangoti mwina ndi kuzizira. Mayi akunyumba ndi amene anakana, anati bambo a mwana, chifuwa chopitirira masabata awiri si chomangokhala nacho pakhomo, mawa tipite kuchipatala.

Tinapita kuchipatala cha boma, anandimvetsera m'chifuwa, ananditenga makhololo kuti ayeze TB, ndipo kuyezako ndi kwaulere. Zotsatira zinabwera kuti ndilibe. Adokotala anandifotokozera zinthu ziwiri zomwe sindinkazidziwa. Choyamba, munjira zampweya muli timaubweya ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso timene timasesa zonyansa kuzikankhira kukhosi, utsi wa fodya umatifoola, ndiye utsi ukachepa timadzukanso n'kuyamba kutulutsa zonse zinaunjikana zija, n'chifukwa chake ena amatsokomola kwambiri masabata oyamba. Chachiwiri ndi chimene chinandikhudza. Anandifunsa kuti bambo, ndudu 5 zimenezi mumazisuta bwanji? Ndipo zoona, ndinkakoka mwamphamvu kuposa kale, utsi kuusunga m'chifuwa, ndudu kuimaliza mpaka kotentha zala. Thupi limafunabe nikotini wake yemweyo, mankhwala a mu fodya amene amabweretsa chibaba, ndiye munthu umaona ngati wachepetsa pamene mapapo akulandirabe utsi wambiri. Anati kuchepetsa kukhale njira yopita kokasiyiratu, osati pokhazikika.

Tsopano za chingamucho. Pa Chitakale ndinafunsafunsa osachipeza, ndinakachigula pa famase ina ku Limbe. Chilipo cha 2mg ndi cha 4mg, ine ndinatenga cha 4mg chifukwa ndinali munthu woyatsa ndudu ndisanathe mphindi 30 chidzukireni. Dandaulo langa ndi lakuti wogulitsayo sanandiuze kalikonse za katafunidwe kake, anangolandira ndalama, ndipo kapepala kam'kati kali m'Chingerezi cha timalemba ting'onoting'ono. Ine ndinangochitafuna ngati chingamu cha pa golosale, mofulumira, malovu n'kumameza. Abale, chilungulira chake, nseru, pakhosi kuotcha, ndinatsala pang'ono kutaya paketi yonse. Mlamu wanga amene ndi nesi ndi amene anandikonza. Umatafuna pang'onopang'ono mpaka umve kakuwawa ngati tsabola, kenako n'kuchisunga m'tsaya, kuwawako kukazirala utafunenso, choncho kwa mphindi pafupifupi 30, chifukwa nikotiniyo amalowera m'kamwa momwemo osati m'mimba. Anatinso ndisamwe tiyi, khofi kapena zakumwa zozizilitsa kukhosi mphindi 15 ndisanatafune chifukwa zimalepheretsa kuti alowe bwino. Kwa ife a kuno kwa tiyi lamulo limenelo ndi lovutirapo m'mawa, koma ndinazolowera.

Nditayamba kutafuna moyenera ndinaona kusintha. Chibaba chikabwera, chija chomakupangitsa kunjenjemera n'kumayang'ana uku ndi uku, chimazirala pakangopita mphindi zochepa. Ukali unachepa, tulo tinayamba kubwera. Tsiku lachisanu chiyambireni kutafuna moyenera ndinasiyiratu ndudu. Koma ndinene zoona, chingamu sichichotsa chizolowezi cha dzanja ndi pakamwa. Ndikatha kudya nsima, kapena tikakhala pa bawo wina n'kuyatsa pafupi, mtima umafunabe, pamenepo ndimangodzuka n'kuyenda pang'ono. Nsagwada nazo zimatopa, ndipo a mano oikirira chingawavute chifukwa chimamata. Mtengo ndi wowawa, ukaphatikiza ndi minibasi ya ku Limbe ndiye kwa munthu wa maganyu si nkhani yamasewera, ndimalakalaka chikanamapezeka m'zipatala zathu konkuno, makamaka poti dziko lathu linalowa nawo m'pangano lolimbana ndi kusuta la WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, mu 2023.

Komanso chingamu si mankhwala a chifuwa. Chimene chimachita ndi kukupatsa nikotini wopanda utsi, mapapo n'kumachira okha. A WHO amati mpweya woipa wa carbon monoxide umatsika m'magazi pakatha maola 12 munthu utasiya, ndipo kutsokomola ndi befu zimachepa pakati pa mwezi umodzi ndi miyezi 9. Kwa ine chifuwa cham'mawa chija chinatenga pafupifupi masabata 6 kuti chiphwe. Koma chonde anzanga, mukaona magazi m'makhololo, thukuta usiku, kuwonda, kuwawa pachifuwa kapena kubanika ngakhale mutangokhala, musanene kuti ndi fodya akutuluka, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. A vuto la mtima ndi amayi oyembekezera afunse kaye adokotala asanagule.

Pano ndatha miyezi iwiri ndi theka osayatsa. Sabata yatha ndinaperekeza alendo awiri ku Chambe, befu lilipobe pamalo otsetsereka kwambiri paja koma ndinapuma kawiri kokha, ndipo ndinkatha kuwayankha akandifunsa zinthu tili mkati mokwera. Lachisanu ndikupitanso ku Limbe kukatenga cha 2mg, mlamu wati nthawi yoyamba kutsitsa yakwana.