Denga la Chevy yanga: nyenyezi zitatu, zonse ndi za madala owotcherera

Ndikanalemba ndemanga iyi mu Marichi, garaja iyi ikanalandira nyenyezi imodzi, ndipo imodziyo ndikanaipereka mokakamizika. Lero ndikupereka zitatu. Palibe ngakhale imodzi ya mnyamata wa pa kauntala uja.

Anzanga a kuno ku Germiston galimotoyi mukuidziwa. Ndi pikapu ya Chevrolet 3100 ya 1952 imene ndinakaikoka pa famu ina ku Free State, matayala atamira m'dothi, nkhuku zikuikira mazira pansi pa mpando. Zaka zinayi tsopano ndikuimanga kuseri kwa nyumba, madzulo ndikaweruka ndi Loweruka lonse. Chasisi ndinachotsa dzimbiri ndekha. Kutsogolo ndinaikako miyendo ya Jaguar XJ6 monga amachitira ambiri kuno, injini ndi Lexus V8 ija ya malita anayi, 1UZ. Mapaipi a mabuleki ndinapinda ndi manja anga. Chimodzi chokha ndinachiopa: kutsitsa denga. Injini ukalakwitsa umamasula n'kuyambiranso, koma denga ukadula wadula, ndipo cab (chipinda chokhalamo dalaivala) ya 1952 sungaipeze pa shelefu.

Ndinkafuna litsike mainchesi atatu basi. Anyamata a ku California amene anayambitsa zimenezi kalekale, akuthamangitsa ma Ford awo pa nyanja zouma ngati El Mirage, ankadula madenga kuti mphepo isawabweze. Ine sindikupikisana ndi munthu, ndimangofuna galimoto yooneka ngati yatsinzina pang'ono, yogwada pamsewu. Ndipo ya 1952 ndi yabwino pa ntchito imeneyi chifukwa galasi lakutsogolo ndi la zidutswa ziwiri zafulati, limadulika. Kuyambira 1954 anayamba kuika limodzi lopindika, lovuta kwambiri.

Ndi garajayi tinagwirizana R22,000 kuti atsitse dengalo, theka pomwepo, masabata asanu ndi limodzi. Amene analandira ndalama ndi mnyamata wa pa kauntala uja, mwana wa mwini garaja, wolankhula mokoma, wondionetsa zithunzi pa foni za magalimoto amene akuti anawatsitsa. Ndinamufunsa kawiri ngati adzaike zitsulo zogwiriziza mkati mwa cab asanadule. Anaseka n'kunena kuti ntchitoyi amaidziwa kuposa ine.

Masabata asanu ndi limodzi anakhala khumi ndi limodzi. Ukaimba foni, magetsi athima. Ukaimbanso, gasi watha. Ukatumiza uthenga pa WhatsApp, wawerengedwa koma zii.

Loweruka lina ndinangodzuka n'kupita osawauza. Galimoto ndinaipeza pakona, yophimbidwa ndi lona. Nditavundukula, poyamba mtima unakhala pansi, chifukwa denga linali litatsikadi ndipo anali atapaka kale penti yotuwa ija yoyambira. Kenako ndinagwira chitseko cha dalaivala kuti nditsegule. Chinakana. Ndinakoka ndi manja awiri, chinatseguka ndi kulira, ndipo pobweza chinakagunda pa mzati n'kutsala panja pafupifupi chala chathunthu. Cha mbali inayo chinali ndi mpata pamwamba woti n'kulowetsa pensulo. Ndinasuzumira mkati. Panalibe ngakhale chipsera chimodzi chosonyeza kuti anawotchererapo chitsulo chogwiriziza. Anadula mizati yonse cab ili yokhayokha, ndipo inapotoka.

M'thumba ndimayenda ndi kamaginito kotolera mabawuti. Ndinakaika pa mzati wakutsogolo pamene anadulapo. Kanagwa. Ndinakatola n'kukaika pakati pa denga. Kanagwanso. Abale anga, pansi pa penti ija panalibe chitsulo, panali fila wokhawokha, uja amamatira mabowo a galimoto asanapake penti, wokhuthala ngati phala lozizira. Mizati ya galimoto imapendekeka, ndiye ukatsitsa denga silikumananso ndi mizati yapansi. Uyenera kulidula pakati n'kuwonjezera kachitsulo, kapena kupendeketsa mizatiyo mosamala. Iwo anangolikankha mpaka likumane, malo otsala n'kumata. Mzati umenewu ndi umene umagwira mutu wa munthu galimoto ikagubuduzika. Mwana wanga wamkazi ndi amene amadzakhala pa mpando umenewo.

Ndinamuitana mnyamatayo. Anabwera akudya, anayang'ana maginito ali pansi, n'kunena kuti magalimoto akale onse amakhala choncho, ndipo ngati ndikufuna zabwino kwambiri ndikanapita kwa anthu a R80,000. Kenako anatembenukira kwa mnzake n'kunena chinachake chokhudza anthu obwera, akuganiza kuti sindimva. Ndakhala kuno zaka khumi ndi zitatu, ndinamva liwu lililonse. Manja ankanjenjemera. Ndinati ndibwezereni ndalama zanga ndipo Lolemba ndikubwera ndi chokokera. Anati dipoziti sibwezedwa.

Apa m'pamene panatulukira madala aja. Anali kumbuyo akukonza thanki ya thirakitala, ovololo yakuda ndi mafuta, tsitsi la mbuu. Anabwera pang'onopang'ono, anayendetsa chikhatho pa denga lonse osalankhula, anagogoda ndi chala malo atatu. Kenako anandiyang'ana n'kunena m'chilankhulo chathu, "Achimwene, musaichotse. Ntchito iyi sindinaigwire ndine, koma ndiikonza ndine." Ndinangoti kakasi. Ndi a ku Angónia, ku Tete ku Mozambique, ndipo anali atandimva ndikudandaula ndekha m'Chichewa. Cab yanga anali ataipereka kwa ophunzira awiri pamene iwo anali kumudzi ku maliro.

Ndinavomera chifukwa cha mmene anagwirira denga lija, palibe china.

Masabata asanu otsatira ndinkapita Loweruka lililonse, ndipo zimene ndinaona ndi zimene zasintha ndemanga iyi. Anayamba ndi kupala fila yense mpaka chitsulo chinaoneka, chidebe chinadzaza fumbi. Anadulanso malo onse amene anyamata anawotcherera. Cab anaimangirira pa tebulo lachitsulo, anaikoka ndi jeke mpaka miyeso ya ngodya ndi ngodya inafanana, ndipo pokhapo anawotcherera mapaipi opingasa mkati. Zitseko anazipachika kaye n'kumanga denga motsatira zitsekozo, akuti chitseko ndiye mphunzitsi wa denga. Denga analidula chopingasa n'kulowetsa kachitsulo kotenga pa denga la galimoto ina yakale, kuti kukhuthala kufanane, pakuti chitsulo cha nthawi imeneyo n'chokhuthala kuposa cha magalimoto a lero. M'mizati anaikamo zitsulo zolimbitsira mkati. Zenera lakumbuyo sanalichepetse, analidula mozungulira n'kulitsitsa lonse, kuti ndizionabe kumbuyo.

Kawotcheredwe kawo ndi kamene sindidzaiwala. Kadontho kamodzi apa, kena kutali uko, n'kudikira pazizire, n'kumenya ndi nyundo chitsulo chotsamiritsa chili kunsi, kenako kadontho kena. Mzere umodzi wodutsa denga unawatengera masiku awiri. Ndinawafunsa kuti bwanji osangoyendetsa ulendo umodzi. Anati, "Chitsulo chikatentha chimakwinyika, achimwene. Ukachifulumizitsa, chimakubwezera mafunde." Anandipatsa nyundo kuti ndiyese pa chidutswa, anandigwira dzanja n'kundionetsa kuti sumamenya ndi phewa, umamenya ndi pamkono, ndipo khutu ndi limene limakuuza kuti wafika pa chitsulo chapansi. Zaka zinayi ndikumanga galimotoyi ndekha, palibe amene anandiphunzitsapo chinthu ngati chimenechi. Tsiku lomaliza anandiuza kuti nditulutse maginito anga. Anamata paliponse, kuyambira mzati mpaka mzati.

Ndiye garajayi sindingaitemberere yonse. Zida zawo n'zabwino, malo ndi aukhondo, ndipo mwini wake, bambo wa mnyamata uja, atamva nkhaniyi analola madala kusiya ntchito zina kuti amalize yanga. Zimenezo ndikuyamikira.

Koma pa risiti yomaliza ndinapeza awonjezera R3,500 ya gasi ndi waya, za ntchito yokonza zimene anawononga okha. Ndinalipira chifukwa mnyamatayo anati akanaichotsa pa malipiro a madala. Mpaka lero sanapepese, ngakhale pa mawu aja a anthu obwera. Galasi lakutsogolo, limene linali m'mgwirizano woyamba, anati silinalembedwe, ndipo ndinakadulitsa kwina.

Amene mukufuna kupita kumeneko, musasiye galimoto pa kauntala. Pitani kumbuyo, funsani madala a ku Tete, ndipo pa pepala palembedwe kuti ntchito agwira ndi iwo. Dipoziti musapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu. Muone ndi maso anu mapaipi ogwiriziza ali mkati grinder isanalire, ndipo muwauze kuti asapake penti iliyonse musanabwere ndi maginito.

Cab inabwerera kunyumba pa thirela mwezi watha ndipo ndaikhazika pa chasisi. Zitseko zonse ziwiri zikutsekeka ndi chala chimodzi. Madala ati Lamlungu likubwerali abwera kudzaona mmene ndaikira chiwongolero, ndipo mayi a kunyumba agula kale chambo chouma kwa amalonda a basi ya ku Blantyre.