Zimbale za Criterion: nkhope za akatswiri akale zikubwerera, bola TV yanu isaziwononge

Kumapeto kwa City Lights, filimu ya Charlie Chaplin ya mu 1931, kamera imaima pankhope ya mwini filimuyo. Mtsikana wogulitsa maluwa, mbali yomwe anasewera Virginia Cherrill, wangozindikira kumene kuti munthu amene anam'pezera ndalama zoti maso ake apenye ndi mphawi wa nsanza ali patsogolo pakeyu. Chaplin waika chala pakamwa, duwa lili m'dzanja, akumwetulira koma m'maso muli mantha. Nkhani yonse yagona pankhope imeneyi. Mukaionera pa kope lotopa, lokopedwakopedwa mpaka kufwifwa, nkhopeyo imangokhala banga loyera, ndipo mumadabwa kuti kodi anthu amam'tamandiranji munthuyu. Malonda enieni a kampani ya Criterion Collection ali pamenepa: kubweza nkhope za akatswiri akale momwe kamera inaziwonera.

Kampaniyi ndi ya ku America, likulu lake lili ku New York, ndipo inayamba mu 1984 ndi zimbale zikuluzikulu za LaserDisc. Zoyamba zinali Citizen Kane ndi King Kong. Pa King Kong ndi pomwe panayambira chizolowezi choika mawu a katswiri wofotokoza filimu pamene ikuonetsedwa, ndipo wofotokozayo anali Ronald Haver. Kenako kunabwera ma DVD, Blu-ray inayamba mu 2008, ndipo zimbale za 4K zinatuluka mu November 2021. Filimu iliyonse ili ndi nambala pamsana pa kabokosi kake. Nambala 1 ndi Grand Illusion, momwe anasewera Jean Gabin, nambala 2 ndi Seven Samurai, momwe anasewera Toshiro Mifune ndi Takashi Shimura, ndipo pano manambalawa anadutsa kale 1,000. Manambalawa ndi msampha wa osonkhanitsa: munthu amayamba kugula kuti atseke mipata pashelefu, osati kuti aonere.

Chimene mukulipira kwenikweni ndi ntchito yokonzanso filimu, ndiye ndi bwino kudziwa chimene chimawonongeka. Mpaka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, mafilimu ankajambulidwa pa lamba wa nitrate, yemwe amayaka moto mosavuta komanso amafumbwa akakalamba. Lamba wa acetate amene analowa m'malo mwake sayaka chotero, koma akasungidwa potentha ndi ponyowa amayamba kununkha ngati viniga, amakwinyika ndi kufupika. Okonza amafunafuna negetivu yoyambirira, yomwe inali m'kamera, chifukwa kope lililonse lotsatira limataya tsatanetsatane. Akaipeza amaijambula pa kompyuta chithunzi chimodzichimodzi, zithunzi 24 pa sekondi iliyonse, kenako n'kuchotsa fumbi, mikwingwirima ndi kugwedezeka. Kabuku ka m'bokosi kamanena chomwe anagwiritsa ntchito, kaya ndi negetivu yeniyeni kaya kope lachiwiri. Werengani tsamba limenelo, chifukwa ndi lomwe limakuuzani zoyembekezera.

Chitsanzo chogwira mtima ndi mafilimu atatu a Apu, a Satyajit Ray wa ku India. Manegetivu ake anapsa pa moto umene unabuka pamalo otsukira mafilimu ku London mu 1993. Zotsala zake, zopserera ndi zomatana, zinasungidwa ndi Academy Film Archive, malo osungira mafilimu a ku America. Patapita zaka, akatswiri a L'Immagine Ritrovata, malo okonzera mafilimu ku Bologna m'dziko la Italy, anazifewetsa, n'kumakonza ndi manja timabowo ta m'mphepete mwa lamba kuti makina athe kuwerenga. Pomwe panapseratu anatenga ku makope ena abwino. Zotsatira zake zinatuluka mu 2015, ndipo nkhope ya mwana Apu mu Pather Panchali, yoyamba mwa mafilimu atatuwa, ikuoneka ngati yajambulidwa dzulo, ngakhale diso lozolowera limaona pomwe chithunzi chafewerapo chifukwa chochokera ku kope lina.

Pa mafilimu amitundu, The Red Shoes ya mu 1948 ndiyo yoyesera. Kamera ya Technicolor inkajambula manegetivu atatu nthawi imodzi, wina wa kufiira, wina wa kubiriwira, wina wa buluu. Atatuwa akakalamba safupika mofanana, choncho mukawaphatikiza mitundu imasemphana ndipo m'mphepete mwa nkhope mumatuluka kamzere kofiira kapena kobiriwira. Manegetivu a filimuyi analinso ndi nkhungu. UCLA Film & Television Archive mogwirizana ndi The Film Foundation ya Martin Scorsese anaikonza, n'kuionetsa mu 2009. Pa chimbale cha Criterion tsitsi la Moira Shearer ndi nsapato zake zofiira zija n'zolekana bwino, ndipo nkhope yozizira ya Anton Walbrook ilibe kamzere kalikonse. Amene amaganiza kuti mafilimu akale onse ndi otuwa ayambire pano.

Wokonda akatswiri a Hollywood sasowa pogwira. Barbara Stanwyck alipo mu The Lady Eve ndi Double Indemnity, mkazi mmodzi woseketsa kwina n'kukhala woopsa kwina. Bette Davis ali mu Now, Voyager ndi All About Eve. Cary Grant ndi Ingrid Bergman ali mu Notorious, Marilyn Monroe mu Some Like It Hot, Sidney Poitier mu A Raisin in the Sun ndi In the Heat of the Night. Humphrey Bogart mum'peza mu In a Lonely Place ya mu 1950, pomwe ambiri amati ndi pamene anasewera mozama kuposa kwina konse, chifukwa mkwiyo wa munthu amene akumusewerayo saubisa. Marlene Dietrich ali ndi bokosi lakelake la mafilimu asanu ndi limodzi omwe anapanga ndi Josef von Sternberg pakati pa 1930 ndi 1935. Bokosi limenelo ndi sukulu ya kaunikidwe: nyali imaikidwa m'mwamba kutsogolo kwa nkhope kuti mafupa a m'masaya atuluke, pansi pa mphuno pakhale kamthunzi kakang'ono. Pa kope losakonzedwa mthunzi umenewo umangosanduka mdima. Kuchokera ku Africa kuli Black Girl ya Ousmane Sembène ya mu 1966, momwe Mbissine Thérèse Diop amanyamula filimu yonse ndi maso ndi kaimidwe.

Chinthu china chomwe amachita bwino ndi kusasankhira woonera pomwe pali mitundu iwiri ya filimu imodzi. The Gold Rush ya Chaplin ilipo ya mu 1925, yopanda mawu, komanso ya mu 1942 yomwe iye mwini anaifupikitsa n'kuikamo mawu ake ofotokoza. Zonse zili m'bokosi limodzi, ndipo yoyambirirayo ndiyo yokoma, chifukwa mawu a mu 1942 amafotokoza zinthu zomwe thupi la Chaplin lanena kale. The Passion of Joan of Arc ya mu 1928, yomwe kope lake lathunthu linapezeka mu 1981 m'chipatala cha odwala misala ku Norway, ikuonetsedwa pa liwiro la zithunzi 24 komanso 20 pa sekondi, popeza makamera a nthawi imeneyo analibe liwiro limodzi lokhazikika. Pa 20, misozi ya Renée Falconetti imatsika pang'onopang'ono.

Tsopano zovuta, ndipo choyamba n'chimene chagwetsa ambiri m'mbuna. Zimbale za Blu-ray zimagawidwa m'zigawo. Chigawo A ndi maiko a ku America, Japan, Korea ndi kum'mwera chakum'mawa kwa Asia. Chigawo B ndi Ulaya, Africa, Australia ndi maiko a ku Middle East. Zimbale za Criterion zogulitsidwa ku America n'zokhomedwa ku chigawo A, ndipo pa pleya ya chigawo B zimangotulutsa uthenga wokana. Kuyambira mu 2016 kampaniyi imatulutsanso zimbale za chigawo B ku Britain, koma mafilimu ake ndi ochepa poyerekeza. Musanagule, yang'anani chilembo kuseri kwa kabokosi ndi kuseri kwa pleya yanu, kapena pezani pleya yowerenga zigawo zonse. Zimbale za 4K zilibe zigawo, komatu samalani: kawirikawiri zowonjezera zambiri, monga macheza ndi akatswiri, zimakhala pa Blu-ray yomwe yaikidwa m'bokosi lomwelo, ndipo iyo njokhomedwa.

Mtengo nawo si wamasewera. Ku America, Blu-ray imodzi amailemba pa madola 39.95 ndipo ya 4K pa 49.95. Ozolowera amadikira July ndi November, pamene sitolo za Barnes & Noble zimadula mitengoyi pakati. Mawu olembedwa m'munsi mwa chithunzi ali m'Chingelezi chokha. Mafilimu enanso amasowa pamsika, chifukwa Criterion imabwereka chilolezo kwa eni ake ndipo chilolezocho chimatha. The Third Man inatero, ndipo otsala nayo anakweza mtengo. Enanso otchuka, monga Casablanca ndi Gone with the Wind, musawafunefune kuno, ali m'manja mwa Warner. Buster Keaton alipo ndi The Cameraman, koma zambiri zake zili kwa ena monga Kino Lorber ndi Eureka. Ya Eureka ndi ya ku Britain, motero kwa amene ali ndi pleya ya chigawo B ndi mnzake wapafupi.

Sikuti salakwitsa. Citizen Kane itatuluka mu 2021, chimbale cha Blu-ray chinali ndi vuto: kuyambira cha pa mphindi 30 kuda kwa chithunzi kunafwifwa mpaka kumapeto. Cha 4K chinali bwino. Kampaniyo inavomera n'kusinthira anthu zimbale, koma wogula bokosi logwiritsidwapo kale ntchito afunse ngati chimbalecho n'chosinthidwa.

Ngakhale chimbale chikhale chabwino bwanji, TV yosatcheredwa bwino imawononga zonse, ndipo ma TV ambiri amachoka kufakitale atatcheredwa kuti aziwala m'sitolo. Yambani ndi kukula kwa chithunzi. Mafilimu a pakati pa 1932 ndi 1953 ali pa muyezo wa 1.37:1, pafupifupi ofanana mbali zonse, pamene TV ya masiku ano ili pa 1.78:1. Mizere yakuda kumanzere ndi kumanja si vuto, ndi momwe ziyenera kukhalira. Mukatambasula kuti mudzaze galasi, nkhope zimanenepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mukakoka chithunzi pafupi, mumadula pafupifupi kota yake, ndipo zomwe zimapita ndi zipewa, zibwano, komanso mapazi, pomwe kwa Chaplin mapazi ndi theka la nthabwala. Sankhani Original, Just Scan kapena Fit to Screen, malinga ndi dzina lomwe TV yanu imagwiritsa ntchito.

Chachiwiri, zimitsani chosalaza mayendedwe, chomwe LG imachitcha TruMotion, Sony Motionflow, Samsung Auto Motion Plus. Chimenechi chimapeka zithunzi zomwe kulibe n'kuzilowetsa pakati pa 24 zenizeni zija, ndipo filimu imaoneka ngati sewero lojambulidwa ndi foni. Chachitatu ndi Noise Reduction. Chithunzi cha pa lamba chimapangidwa ndi timadontho tonga mchenga wosalala, ndipo tsatanetsatane wa nkhope amakhala m'timadontho timeneto. Criterion imatisiya dala. TV imaona ngati ndi litsiro n'kutipukuta, ndiye makwinya a Bogart amatha, khungu n'kukhala ngati la chidole cha pulasitiki. Sharpness itsitseninso pansi. TV yokhala ndi Filmmaker Mode imachita zonsezi ndi batani limodzi. Ikapanda, sankhani Cinema kapena Movie kenako muzimitse zotsalazo pamanja. Poyamba kuyera kudzaoneka ngati kwachikasu pang'ono, koma pakapita mphindi khumi maso amazolowera. Nyali za m'chipinda zichepe, makamaka pa Double Indemnity, pomwe theka la filimu lili mumthunzi.

Za mawu, ambiri mwa mafilimuwa ndi a njira imodzi, ndipo Criterion imawasiya choncho, osawapanikiza. Pa zokuzira mawu zambiri, mawu onse adzachokera ku chapakati chokha. Musakakamize makina kuti awamwaze kumbuyo ndi m'mbali, chifukwa zolankhula zimamveka ngati zochokera m'mgolo.

Kodi 4K ndi yofunika? Blu-ray ili ndi mizere 1,080, ya 4K 2,160, koma pa filimu ya m'ma 1930 yochokera ku kope lachiwiri, kusiyana kwake pa TV yaing'ono n'kochepa. Phindu limaoneka pa TV yaikulu yotha kuonetsa HDR (luso losiyanitsa kwambiri powala ndi pamdima), makamaka pa mafilimu ngati The Red Shoes, ndipo pamafunika pleya ya 4K ndi chingwe cha HDMI chokwanitsa. Kwa ambiri Blu-ray ndi yokwana. Kulinso Criterion Channel, yoonera pa intaneti, yomwe inayamba mu April 2019 pa madola 10.99 pamwezi, koma njololedwa ku United States ndi Canada kokha, mafilimu ake ena amalowa ndi kutuluka, ndipo kupanikiza kwa intaneti kumadya timadontho tomwe tija m'malo amdima.

Woyamba kumene asathamangire mabokosi aakulu ngati la Ingmar Bergman la mafilimu 39. Atsimikize kaye za chigawo cha pleya yake, atchere TV, kenako agule zimbale ziwiri zokha, City Lights ndi The Red Shoes: ina yoyesera kuda ndi kuyera, ina yoyesera mitundu.