Kashopu komwe anandipaka polishi pa mpira wa bowling ku Leeds

Lachiwiri lililonse madzulo ndimaponya bowling, masewera ogwetsa mapini ndi mpira wolemera, mu ligi yathu yaing'ono kuno ku Leeds. Timu yathu imalowa mochedwa, anzathu ataponya kale pa ma lane (njira zoponyeramo mpira) omwewo, ndiye timapeza mafuta amene amathiridwa pa lane atachepa. Kwa miyezi itatu mpira wanga unandisowetsa mtendere. Unkayamba kukhota usanafike n'pakati pomwe, ndipo pofika ku mapini unkakhala utafooka. Pini nambala 10, ya pakona ya kumanja kumbuyo, inkangotsala chilili, ine n'kumabwerera kunyumba mtima ukuwawa.

M'holo momwemo muli kashopu koboola ndi kukonza mipira. Bambo amene amagwiramo ntchito sanathamangire ndalama zanga. Anati ndiponye kaye katatu iwo akuonerera kumbuyo. Nditamaliza anatenga mpirawo n'kuusisita ndi chala chachikulu, kenako anandifunsa kuti, "Mwaupala ndi chiyani?" Ndinawauza kuti ndinaupala ndekha kunyumba ndi Abralon ya 1000 (kapadi kopalira konga sandpaper, kamene nambala yake ikakhala yaing'ono kamasiya mpira wokhakhala kwambiri), poganiza kuti mpira wokhakhala ndiye umakhota kwambiri.

Anandifotokozera modekha. Kuchokera pamzere woponyera kukafika pa pini yoyamba ndi mafiti 60, koma mafuta amathiridwa pa mafiti 40 oyambirira kapena kuyandikira pamenepo, kotsalako n'kouma. Mpira wokhakhala umaluma lane ngakhale uli pamafuta, ngati tayala la mano akuluakulu pamatope. Mafuta akakhala ambiri zimenezi n'zabwino. Koma akachepa, umathera mphamvu panjira. Wopakidwa polishi umaterereka ulendo wautali uli ndi mphamvu zake, ndipo ukangoponda pouma umakhota mwadzidzidzi kulowera ku mapini.

Anauika pa makina ozungulitsa, n'kumauwaza madzi pang'onopang'ono. Anayamba ndi Abralon ya 2000, kenako ya 4000, akuutembenuza kuti mbali zonse zifanane. Pomaliza anadontheza polishi pakansalu n'kukanikiza mpirawo ukuzungulira. Atandipatsa unali wofunda m'manja, magetsi a padenga akuoneka pa iwo. Sizinapitirire mphindi 10, ndipo ndinalipira mapaundi 5.

Usiku womwewo ndinaona kusiyana. Mpira unadutsa pakati pa lane uli phee, osagwedezeka, kenako cha kumapeto unatembenuka n'kukalowa pakati pa pini nambala 1 ndi 3, malo abwino ogwetsera mapini onse. Phokoso la mapini linali lina, lija lomveka kamodzi n'kamodzi. Pini 10 inagwa nawo. Sindinafunikenso kuponya mwamphamvu kuti mpira usakhote msanga, ndipo phewa langa linapumako.

Komabe ndisakunamizeni, polishi sathandiza paliponse. Loweruka lotsatira ndinapita m'mawa, makina atangothira mafuta atsopano, ndipo mpira womwewo unkangoterereka mpaka kudutsa pomwe umayenera kukhotera. Umafunanso dzanja losaphonya. Lane ili ndi timatabwa 39 m'lifupi mwake, ndipo ukalakwitsa ndi tiwiri tokha kupita kouma, mpira wa polishi umalumphira mkati, pomwe wokhakhala umakhota pang'onopang'ono n'kukukhululukira. Bambo aja anali atandichenjeza kale zonsezi asanayatse n'komwe makina, ndiye chifukwa chake ndimawakhulupirira. Akanatha kundigulitsa mpira watsopano, poti ndinalowa m'shopumo ndili wokonzeka kugula.

Chomwe chimandidandaulitsa n'chakuti kashopuka kamatsegulidwa madzulo okha, ndipo pa tsiku la ligi pamakhala mzere. Muzifika msanga, chifukwa masewera akayamba simuloledwanso kusintha khungu la mpira. Polishi amathanso mukamaponya, moti ine ndimabwererako ndikaona kuti mpira wayambanso kukhota msanga.

Panopa ndimanyamula mipira iwiri. Umodzi bambo aja anandisiyira pa Abralon ya 2000 osapaka kanthu, wa mafuta atsopano. Wonyezimirawu ndimautulutsa m'chikwama Lachiwiri, anzathu a timu yoyamba akamavula nsapato.