CTAB kapena kiti, potulutsa DNA m'masamba a chinangwa

Anzanga amene mwayamba masters ya zomera kuno ku Joni, kaya muli ku Wits ku Braamfontein kaya ku UJ ku Auckland Park, funso loti DNA muitulutse ndi CTAB (mankhwala onga sopo amene amaswa ma cell a tsamba) kapena ndi kiti (bokosi la mankhwala okonzeratu logula ku kampani) likupezani mukangolowa mu labu, ndiye ndati ndinene maganizo anga makamaka kwa ife a chinangwa, poti tsamba lake ndi lovuta kuposa la chimanga.

Kiti ilibe nkhani zambiri. Mutenge DNeasy Plant Mini ya Qiagen mwachitsanzo, mumasinja tsamba losapitirira 100 mg, kuthira ma buffer monga pepala lanenera, DNA imakamatirira pa silica mu kakolamu (kachubu kosefera kobwera ndi kitiyo), kutsuka, kutulutsa, pafupifupi ola limodzi mwathana nazo. Simugwira chloroform, ndipo DNA ya lero ndi ya mawa zimafanana. Koma bokosi la ma sampulo 50 silichedwa kutha, ndiye ngati mwazungulira minda ya ku Nkhata Bay ndi Nkhotakota nkubwera ndi ma sampulo mazanamazana a matenda a mosaic, bajeti ya supavaiza ithera pomwepo musanayambe ndi PCR yomwe, njira yochulukitsira DNA. Komanso mukachulutsa tsamba poganiza kuti mupeza DNA yambiri kakolamu kamatsekeka basi.

CTAB ndiye mtima wanga uli kumeneko, sindibisa. Njira imene ambiri timatsata ndi ya Doyle ndi Doyle ya 1987, buffer yake mumapanga nokha, 2% CTAB, 1.4 M NaCl, 100 mM Tris pa pH 8, 20 mM EDTA, nkudonthezera mercaptoethanol pang'ono tsiku logwiritsa ntchito. Mumafunditsa pa 60 mpaka 65 digiri, kenako chloroform ndi isoamyl alcohol 24:1, kuzunguza mu centrifuge, kutapa zapamwamba zokha osakhudza za pakati zija, isopropanol yozizira, kutsuka ndi 70% ethanol. Theka la tsiku lapita, nthawi zina lonse. Koma apa mumamvetsa chimene chikuchitika mu chubu, mchere wambiri uja ntchito yake nkuti ma polysaccharide asatsike limodzi ndi DNA, ndipo chinangwa chili nawo ambiri plus ma phenolic, ndiye mukaona pellet (DNA yokhazikika pansi pa chubu) yabulauni mukudziwa kuti ma phenolic alowerera muonjezere PVP (ufa wogwira ma phenolic), mukaona yonanda ngati therere mukudziwa kuti ndi ma polysaccharide mubwereze chloroform kapena mukweze mchere. Kiti ikakanika mumangoyang'ana, poti zambiri za mu ma buffer aja kampani siinena.

Chenjezo lake ndi lenileni abale, chloroform ndi mercaptoethanol ndi za mu fume hood basi, magolovesi m'manja, osati pa benchi poti hood yadzaza.

Nanga pa sequencing, kuwerenga ndondomeko ya DNA? Ma sampulo ochepa opita ku makina a Illumina ine ndimati kiti, DNA yoyera ndiye imafunika ndipo ndalama ya sequencing ndi yambiri kuti muiwononge ndi DNA yakuda. Koma a makina a Nanopore amene mukufuna ma read (zidutswa za DNA zowerengedwa) ataliatali dziwani kuti kakolamu kamadula DNA, CTAB yochitidwa mofatsa, osachita vortex, imasiya zingwe zazitali. Ndipo musasokoneze matenda awiri a chinangwa, ma virus a mosaic ndi a DNA, pamene brown streak ndi wa RNA, kiti ya DNA sikuthandizani pamenepo, pomwe CTAB yomweyo mutha kuisintha kuti itulutse RNA, ambiri amagwiritsa lithium chloride potsitsa.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi chakuti ambirife tidzabwerera kumudzi, wina ku Chitedze wina ku Bunda wina ku Bvumbwe. Kuno ku Johannesburg mukaitanitsa kiti siichedwa kufika, kwathu ndi nkhani ya forex ndi kudikira, pamene botolo limodzi la ufa wa CTAB limakutengerani kutali zedi, ndipo masamba oumitsa mu silica gel amasinjika ngakhale palibe liquid nitrogen. Ndiye ngakhale labu yanu ili ndi makiti odzadza shelefu, pemphani a PhD kapena a technician akuphunzitseni CTAB mudakali kuno, muiyese pa tsamba lomwelo mbali ndi mbali ndi kiti muone nokha.

Njira iliyonse mwasankha, pa NanoDrop, makina oyezera kuyera ndi kuchuluka kwa DNA, nambala ya 260/280 ikhale cha pa 1.8, 260/230 cha pa 2, koma musaikhulupirire yokha poti RNA imawerengedwanso pa 260, ndiye ngati mwaiwala RNase (yochotsa RNA) mu CTAB nambala ikwera mosangalatsa koma DNA yeniyeni ili yochepa. Thamangitsani pa gel kaye kapena muyeze pa Qubit, makina oyeza DNA yokha, musanatumize kulikonse.