Kiti yoyezera nitrate mu thanki ya mbuna: zomwe ndaona chigulireni

Kiti iyi itangofika kuchokera ku Lusaka ndinalemba kuti ndi yosavuta kugwiritsa ntchito, koma mtengo wake ndi wowawa. Pano yadutsa nane nyengo yozizira, kutentha kwa Okutobala ndi dzinja lonse, ndipo timabotolo take tatsala pang'ono kutha. Mtengo uja ndimaudandaulabe, koma ndigulanso.

Thanki yanga ndi ya malita 200, muli mbuna, nsomba za m'nyanja ya Malawi. Kwa amene mwangoyamba kuweta: ndowe za nsomba ndi chakudya chowola zimatulutsa ammonia, mabakiteriya a mu fyuluta amaisandutsa nitrite, kenako nitrate. Apa ndiye pamene fyuluta wamba imalekezera. Nitrate imangounjikana, madzi ali mbee ngati abwino. Oweta ambiri amafuna isapitirire 40 ppm (mamiligalamu 40 pa lita), ine ndimayesetsa ikhale pafupi ndi 20.

Kayezedwe kake ndi mamililita 5 a madzi, madontho 10 a botolo loyamba, 10 a lachiwiri, kukhutchumula, n'kudikira mphindi 5. Akatuluka achikasu ndiye kuti nitrate ndi yochepa, akafiira ndiye kuti yachuluka. Botolo lachiwirilo ndi lofuna mkono. Mankhwala ake amakhazikika pansi, ndipo mukaligwedeza mwaulesi limakupatsani chikasu chosangalatsa pamene thanki yafiira kale. Likamakalamba m'pamene limafunika kulimenya pachikhatho ndithu. Tchati cha mitundu nachonso chimazunza maso: 40 ndi 80 kufiira kwake n'kofanana, makamaka pansi pa babu. Ndimatuluka nacho pakhonde masana. Ndikakayikabe, ndimasakaniza theka la madzi a mu thanki ndi theka la madzi a mvula, ndiye chotulukacho ndimachiwirikiza kawiri.

Phindu lalikulu la kitiyi ndinalipeza pa ndowa ya madzi atsopano, osati mu thanki. Mipopi itauma masiku angapo tinkatunga pachitsime cha m'komboni, ndipo ngakhale ndinkasintha madzi mlungu ndi mlungu, nambala inkakana kutsika. Nditayeza a pachitsimewo, asanakhudze nsomba ndi imodzi yomwe, anatuluka olenji, cha m'ma 30. Sizodabwitsa kuno ku Chipata. Zitsime zosaya zimakumbidwa pafupi ndi zimbudzi zokumba, ndipo kumtunda kuli minda ya chimanga yothiridwa urea ndi D compound. Masamu ake ndi awa: thanki ikakhala pa 40, mukachotsa theka n'kuthira madzi opanda nitrate, imabwera pa 20. Mukathira a 30, imangofika pa 35, msana utapweteka pachabe. A pampopi anatuluka achikasu, kungoti amafuna mankhwala ochotsa klorini. Ndinawauzanso amayi a pakhomo loyandikana nalo amene ali ndi khanda, poti malire a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, pa madzi akumwa ndi mamiligalamu 50 pa lita, ndipo kuwiritsa sikuchotsa nitrate.

Madzi a mvula alibe vutoli, koma musawathire okhaokha. Ndi ofewa, pamene mbuna zimafuna madzi olimba, okhala ndi michere yambiri, a pH (muyeso wa asidi m'madzi) yozungulira 8.

Mu Okutobala madzi a mu thanki amatsika okha ndi kutentha, ndipo ena amangowonjezera n'kumati asintha. Chimene chauluka ndi madzi okha, nitrate yatsala momwemo. Malaiti akamazimazima ngati mu 2024, fyuluta imaima, zinyalala zimawolera pansi pa miyala, choncho ndimachepetsa chakudya mpaka kamodzi patsiku. Mbuna sizifa nazo, ngakhale zimabwera pagalasi kudzapempha ngati ana a sukulu pa nthawi ya phala.

Ndinayesakonso kathumba ka timikanda kamene amati kamayamwa nitrate. Masiku oyamba nambala inatsikadi, kenako kanakhuta, kakufuna kuviikidwa mumchere kawirikawiri. Ndinakasiya. Money plant, mbewu ya m'nyumba yoyanga, ndiye yakhalitsa. Masamba amakhala kunja, mizu m'madzi, koma mizuyo ndinaibisa m'bokosi la fyuluta chifukwa mbuna zinkaibudula. Imachedwetsa kukwera kwa nitrate, koma ndowa ndi paipi sizinapume nayo. Madzi ochotsedwawo amapita pa lepu kuseri kwa nyumba, ndipo akubiriwira.

Pogula onani tsiku lotha mphamvu pabotolo lililonse, chifukwa katundu wotere amagona nthawi yaitali pashelefu. Sungani mu kabati kutali ndi dzuwa ndi ana. Amene muli ndi kathanki kamodzi ka ma guppy, sonkherani awiri kapena atatu, popeza nokha mankhwala akhoza kutha mphamvu musanafike pakati pa botolo.