Lupanga la m'fakitale kapena losulidwa pamanja: lamulo likuti chiyani?

Wosonkhanitsa zida zakale zankhondo akafuna gunto, lupanga la asilikali a Japan a pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, amapeza mitundu iwiri. Ambiri anapangidwa ndi makina m'fakitale, ndipo ndi otsikirako mtengo. Ena ndi osulidwa pamanja, chitsulo chake chopindidwapindidwa, dzina la wosula litazokotedwa pa mchira wobisika m'chigwiriro.

Ku England onse awiri ungakhale nawo. Lamulo la 2008 linaletsa kugulitsa malupanga okhota omwe chitsulo chawo, osawerengera chigwiriro, n'chotalika masentimita 50 kapena kuposerapo, koma linasiyako opangidwa 1954 isanafike ndi osulidwa pamanja mwachikale. Chofunika ndi umboni wa zaka zake, chifukwa kuyambira 2021 kusunga lupanga loletsedwa, ngakhale m'nyumba mwako, ndi mlandu.

Ku Japan nkhani imatembenuka. Lamulo la 1958 limafuna kuti lupanga lililonse lilembetsedwe ku bungwe la maphunziro la chigawo, ndipo akatswiri amavomereza lokhalo lomwe ndi ntchito yaluso. La m'fakitale amaliona ngati chida chophera basi, salipatsa chiphaso. Zoseketsa ndithu: lupanga lobadwira ku Japan limakhala mwamtendere mumzinda wa Birmingham ku England koma kwawo n'losaloledwa.

Ine ndingasankhe losulidwa pamanja, ngakhale limaboola thumba, poti msika wake ndi waukulu. Wa ndalama zochepa agule la m'fakitale, koma asamale ndi achinyengo odzimbiritsidwa dala kuti aoneke akale.