Hiren's BootCD PE: imathandiza mpaka pati registry ikawonongeka?

Kompyuta ikakana kulowa mu Windows n'kumangoonetsa sikirini ya buluu yolembedwa BAD_SYSTEM_CONFIG_INFO kapena nambala 0xc000014c, kawirikawiri vuto limakhala mu registry, nkhokwe imene Windows imasungamo makonzedwe ake onse. Pa Windows XP uthenga wake unkanena mosabisa kuti fayilo ya \WINDOWS\SYSTEM32\CONFIG\SYSTEM yasowa kapena yawonongeka. Zikatere, amisiri ambiri amathamangira fulashi yokhala ndi Hiren's BootCD PE. Ndi chida chaulere: Windows yaing'ono yoyenda kuchokera pa fulashi, yodzaza ndi mapulogalamu okonzera kompyuta. Hiren's yoyambirira inalekera pa 15.2 mu 2012, ndipo ya PE inatuluka mu 2018, yokonzedwa ndi anthu amene ankakonda yakaleyo. Yatsopano inamangidwa pa Windows 11 PE, imayenda pa makina a 64-bit okha, ndipo imafuna RAM yosachepera 4 GB.

Ndi chida chabwino kwambiri chopulumutsira mafayilo ndi kufufuzira gwero la vuto, koma sichipanga registry yatsopano. Amene amachitenga ngati mankhwala a matenda onse amakhumudwa msanga.

Kukonza fulashiyo sikuvuta. Mumatenga fayilo ya ISO ya Hiren's n'kuilemba pa fulashi ya 8 GB ndi pulogalamu ya Rufus kapena Ventoy, kenako n'kuyatsa kompyuta yodwalayo kudzera pa fulashiyo. Batani losankhira poyambira limasiyana: F12 pa Dell ndi Lenovo zambiri, F9 pa HP. Makina ena amakana mpaka muzimitse Secure Boot, chitetezo cha pa nthawi yoyatsa kompyuta, koma musanaikhudze onetsetsani kuti mwini kompyutayo ali ndi kiyi ya manambala 48 ya BitLocker, loko imene Windows imakiyira disiki, chifukwa kusinthako kungachititse kuti Windows iifunse. Ngati disiki inakiyidwa ndi BitLocker ndipo kiyiyo palibe, Hiren's sionamo kalikonse.

Ubwino wake umaonekera mukangolowa. Mumapeza malo ofanana ndi Windows wamba, okhala ndi File Explorer, Command Prompt ndi regedit (pulogalamu yosinthira registry), moti ntchito imene mu Recovery Console yakale ya XP inkafuna kulemba malamulo ambirimbiri pano imatheka ndi mausi. Zilembo za madisiki zokha ndi zimene zimasokoneza. X: ndi Hiren's yomweyo imene ili mu RAM, ndipo Windows yodwalayo ingaoneke ngati D: kapena E:. Ambiri amalakwitsa pomwepa, n'kumakonza mafayilo a X: amene amafufutika kompyuta ikangozima.

Musayambe ndi registry. Yambani mwatsegula CrystalDiskInfo kapena GSmartControl, muone thanzi la disiki. Registry imawonongeka magetsi akazima Windows ili mkati molemba, kapena RAM ikamalakwitsa, kapenanso mapulogalamu odzitcha otsuka registry akafufuta zosayenera. Koma nthawi zambiri wolakwa ndi disiki imene yayamba kufa. Ngati Reallocated Sectors Count kapena Current Pending Sector Count, zimene zimawerenga malo owonongeka pa disiki, zili pamwamba pa 0 pa mzere wa Raw, siyani zonse, koperani kaye mafayilo a mwini wake pa disiki ina. Musayendetse chkdsk /r, lamulo lofufuza ndi kukonza disiki, pa disiki yotere musanakopere, chifukwa imaivutitsa kwa maola ambiri ndipo ingaimalize. Kubwezera registry yabwino pa disiki yakufa kuli ngati kutunga madzi ndi dengu. Pa gawo limeneli Hiren's imaposa kutali zida zimene Windows imabwera nazo.

Disiki ikakhala bwino, pitani mu Windows\System32\config. Mafayilo ofunika ndi asanu, onse opanda chilembo chakumapeto: SYSTEM, SOFTWARE, SAM, SECURITY ndi DEFAULT. Koperani foda yonseyo pa fulashi musanasinthe kanthu, ngakhale mafayilowo ali owonongeka. Kuti mudziwe imene yawonongeka, tsegulani regedit, dinani HKEY_LOCAL_MACHINE, musankhe File kenako Load Hive, n'kuyesa iliyonse payokha. Yowonongeka kwambiri imakana kutseguka. Yotseguka mungathe kuikonza pamanja ngati mukudziwa chimene chinasinthidwa, mwachitsanzo driver imene inaikidwa dzulo lake. Mukatsegula SYSTEM simudzapezamo CurrentControlSet, chifukwa imeneyi imakhalapo pokhapokha Windows ikuyenda. Onani nambala ya Current pansi pa Select: ikakhala 1, mukonze ControlSet001. Mukamaliza musaiwale Unload Hive.

Tsopano pofika pobwezera mafayilo m'pamene chidachi chimadalira mwayi wa kompyutayo. Pa Windows 7, 8.1 ndi Windows 10 yoyambirira, foda ya config\RegBack imakhala ndi makope a mafayilo asanu aja. Mumasintha maina a owonongekawo, SYSTEM kukhala SYSTEM.old ndi ena onse chimodzimodzi, n'kukopera a mu RegBack. Ndi ntchito ya mphindi khumi. Pa XP makope abwino amapezeka mu System Volume Information, mu mafoda a RP, pansi pa Snapshot, ndi maina monga _REGISTRY_MACHINE_SYSTEM. A mu Windows\Repair ndi a tsiku limene Windows inaikidwa, ndiye muziwatenga pokhapokha njira zina zitatha.

Kuyambira Windows 10 ya 1803, ya mu 2018, Microsoft inasiya kudzaza RegBack. Mukatsegula fodayo mumapeza ilibe kanthu, kapena muli mafayilo a 0 KB. Apa mpofunika kusamala kwambiri, chifukwa malangizo akale ochuluka amangoti koperani, ndipo amene wakopera mafayilo a 0 KB pamwamba pa enieniwo wawononga ngakhale zochepa zimene zikanapulumuka. Onani kukula ndi deti la fayilo iliyonse. SOFTWARE yabwino imakhala ya ma MB ambiri ndithu.

Mafayilo asanuwo abwezeni onse pamodzi, a tsiku limodzi. Musabwereke SYSTEM ya kompyuta ina ngakhale zili zofanana mtundu. Kiyi imene imateteza mapasiwedi a mu SAM imasungidwa mu SYSTEM, choncho mukaphatikiza za makina awiri mapasiwedi sagwiranso ntchito, ndipo mndandanda wa ma driver ndi zilembo za madisiki nazo zimasokonekera.

RegBack ikakhala yopanda kanthu, zimene Hiren's ingachite zimachepa kwambiri. Chotsalira ndi System Restore, yobwezera Windows mmene inalili pa tsiku lina lam'mbuyo, imene ndi bwino kuiyendetsa kuchokera pa fulashi yoikira Windows, pa Repair your computer, Troubleshoot, System Restore. Nayonso imafuna kuti inali yoyatsidwa kale, ndipo pa makina ambiri a Windows 10 imapezeka yozimitsidwa. Zonse zikakanika, ndi kuikanso Windows basi, mafayilo a mwini wake atapulumutsidwa kale.

Chofooka china n'chakuti pa malaputopu ena a Intel okhala ndi VMD, njira ya Intel yoyendetsera madisiki, disiki ya mtundu wa NVMe ingathe kusaoneka mpaka mutaika driver ya Intel RST. Komanso mulu wa mapulogalamu amene ali mu Hiren's umakopa munthu wosazolowera kuti ayese chilichonse. Zida zokonzera boot ndi ma partition zisiyeni ngati vuto ndi registry, chifukwa sizikhudzana nayo ndipo zingawonjeze vuto lachiwiri.

Kompyuta ikadzuka, musaibweze kwa mwini wake RegBack ili chomwecho. Kuti Windows iyambenso kuidzaza, tsegulani regedit, ndipo mu HKEY_LOCAL_MACHINE\System\CurrentControlSet\Control\Session Manager\Configuration Manager pangani DWORD yotchedwa EnablePeriodicBackup, muipatse 1, n'kuyatsanso kompyuta. Yatsaninso System Protection pa disiki ya C: kuti System Restore izigwira ntchito, kenako muyese RAM ndi MemTest86 usiku wonse ngati gwero la vutolo silinapezeke pa disiki.